Timapaketi ta stem cell: zonena ogulitsa ndi zimene zimachitikadi

Tsiku lolandira malipiro kuesiteti ya tiyi, kapena pa WhatsApp usiku, sipasowa wotsatsa timapaketi ta ufa woika kunsi kwa lilime. Amati muli stem cell, ndipo umachiza shuga, BP, sitiroko, kusabereka, ngakhale kachilombo. Kwa Mphuka ku Thyolo ndalama imabwera ndi thukuta la dengu kumsana, choncho tisanatulutse m'thumba tiyenera kufunsa bwino.

Maselo amenewa alipodi, ndipo wothyola tiyi amawagwira ndi zala tsiku lililonse. M'kansonga kamene kamathyoledwa pamodzi ndi masamba awiri muli kagulu ka maselo amene sanapatsidwe ntchito. Amangogawikana, ena n'kusanduka tsamba, ena nthambi. Pamphanda pa tsamba lililonse palinso diso logona. Nsonga ikachoka, disolo limadzuka, n'chifukwa chake nthawi ya dzinja pakangotha masiku ochepa munda wabiriwiranso. Mitundu ya tiyi monga PC108, yochokera ku Tea Research Foundation ku Mimosa, amaichulukitsa kunazale ndi kanthambi ka tsamba limodzi. Matenda a chisaka atapulula nthochi za ku Thyolo, mbewu zina zopanda matenda zinameretsedwa m'mabotolo a mulabotale kuchokera ku kachidutswa ka pamtima pa mphukira.

Chinyengo chagona pomwepa. Mukawerenga papaketi, nthawi zambiri mupeza kuti maselowo ndi a apozi kapena mphesa. Selo la apozi limadziwa kupanga apozi basi. Likauma n'kuperedwa lafa, ndipo thupi limaligaya ngati mgaiwa. Kukanakhala kuti kumeza maselo a mtengo kumakonza impso, anthu a ku Thyolo, ndi tiyi yense timamwayu, bwenzi tisakudziwa khomo la chipatala.

Maselo otere a munthu ali m'thupi mwake momwe. Odziwika kwambiri ali m'mafuta a m'mafupa, ndipo amapanga maselo ofiira a magazi oposa 2 miliyoni pa sekondi iliyonse, olowa m'malo mwa amene atha masiku awo pafupifupi 120. Kumuika wodwala maselo a munthu wina ndi chithandizo chenicheni cha khansa ya m'magazi ndi sickle cell, ndipo E. Donnall Thomas analandira mphoto ya Nobel mu 1990 chifukwa cha ntchitoyi. Koma si za kunsi kwa lilime ayi. Pamafunika wopereka wogwirizana naye thupi, kawirikawiri m'bale wa bere limodzi. Madokotala amayamba apha maselo a wodwalayo ndi mankhwala aukali, atsopano n'kulowa pa diripi, kenako milungu ingapo m'chipinda chayekha chifukwa ngakhale chimfine chikhoza kumutenga. Ena samatulukamo amoyo.

Nanga zoti stem cell inachiritsa HIV? Timothy Ray Brown anachiradi atamuika maselo ku Berlin mu 2007. Chimene ogulitsa satchula n'choti ankamuchiza khansa ya m'magazi, ndipo wopereka anali ndi chibadwa chosowa kwambiri chimene chimatsekera kachilomboka khomo lolowera m'maselo. Ochira mwa njirayi padziko lonse ndi owerengeka chabe. Wosiya ma ARV chifukwa cha paketi, kachilombo kamabwereranso m'magazi pakangopita milungu yochepa. Chimodzimodzi BP: siipweteka, ndiye woikira umboni kuti "ndikupeza bwino" akhoza kukhala pafupi ndi sitiroko osadziwa. Makina oyezera kuchipatala ndiwo anganene.

Ena amakana nkhani yonseyi poganiza kuti asayansi amangodalira miluza ya ana osabadwa. Kafukufuku wotere alipo ndipo anthu amatsutsana naye mpaka lero. Koma mu 2006 Shinya Yamanaka wa ku Japan anaonetsa kuti selo wamba la mbewa, likapatsidwa majini anayi, limabwerera kuubwana n'kutha kusanduka mtundu wina uliwonse, ndipo chaka chotsatira anachita zomwezo ndi maselo a khungu la munthu. Zochiza shuga ndi maselo otere zikadali pa kuyesa. Casgevy, chithandizo cha sickle cell chokonza maselo a wodwala mwiniwake, chinavomerezedwa ku Britain ndi ku America mu 2023, ndipo ku Americako mtengo wake unali madola 2.2 miliyoni munthu mmodzi.