KANEMA WOPANDA MAU

Masiku ano anthu a m'kanema amalankhula ndi kuimba, koma kale sizinali choncho. Chisanafike chaka cha 1927 kanema ankaonetsa zithunzi zoyenda zokha. Mau ofunika ankalembedwa pa chinsalu kuti oonera aziŵerenga.

Ku America kunali seŵero lotchuka lotchedwa Way Down East, limene analemba Mayi Lottie Blair Parker. Linafika mu mzinda wa New York m'chaka cha 1898, ndipo kwa zaka zambiri linazungulira dziko lonselo. Nkhani yake ndi ya Anna, mtsikana wosauka amene ananamizidwa ndi mwamuna wolemera, pambuyo pake napirikitsidwa pakhomo pamene ankagwira ntchito, kunja kukuzizira koopsa.

Bambo D. W. Griffith, katswiri wopanga kanema, analipira madola 175,000 kuti aloledwe kusandutsa seŵeroli kukhala kanema. Ambiri anawaseka. Kodi munthu angataye ndalama kukaona nkhani imene akuidziŵa kale, yopandanso mau?

Bambo Griffith anali ndi nzeru zawo. Dzina la seŵero sanalisinthe, pakuti dzinalo linali nyambo yokopera onse amene ankalikonda. Kenaka anawonjezera chinthu chimene sichikanatheka m'nyumba ya maseŵero: mtsinje weniweni. Ku Vermont, kumene anapita kukajambula, mitsinje imaundana ngati mwala m'nyengo yozizira, ndipo ikayamba kusungunuka imasweka m'zibenthu zoyandama. Lillian Gish, amene anali Anna, anagona pa chibenthu chotere, tsitsi ndi dzanja zili m'madzi. M'kanemamo chibenthucho chikuoneka chikuthamangira ku mathithi, mnyamata David akulumpha kuchoka pa chibenthu china kufika pa chinzake kuti amupulumutse. Dzanja la Lillian silinachire kwenikweni moyo wake wonse. Mbiri ya mtsinjewo inawanda, ndipo anthu anafuna kukadzionera okha.

Kanemayu anayamba kuonetsedwa ku New York pa 3 September 1920, osati m'nyumba wamba ya kanema, koma m'nyumba yaikulu ya maseŵero. Anthu ankagula matikiti tsiku lisanafike, yense ndi mpando wakewake, ndipo gulu lalikulu la oimba linkaimba nyimbo zogwirizana ndi zithunzi. Mtengo woloŵera unali wokwera, komabe mipando inkadzaza kwa miyezi yambiri. Magulu ena ananyamula kanemayu pamodzi ndi oimba kupita naye ku mizinda ina, monga momwe seŵero lija linkayendera. Ndalama zimene Bambo Griffith analipira zinabwerera kangapo.