NYALE YA DZUWA NDI KALATA YA PATENTI

Mphunzitsi wina watilembera kalata. Iye akuti anagula nyale ya dzuwa, imene ambiri amaitcha sola, kuti azichongera makope a ana usiku, ndipo pa bokosi lache anapezapo mau akuti "Patent" pamodzi ndi manambala. Tsono akufunsa kuti: kodi mau amenewa atanthauza chiani, nanga anayamba kupanga nyale yotere ndani?

Nyaleyi sanaipange munthu mmodzi ai. M'kati mwache muli batire losunga moto, ndiponso kanthu kakang'ono kowala kamene kamatchedwa LED, ndipo mbali yaikuru ya nzeru za ziwirizi inachokera m'masukulu a ukachenjede, kapena kuti mayunivesite, ina ya ku England ndi ina ya ku Japan. Koma tiyambe talongosola za patenti.

Patenti nchiani?

Patenti ndi kalata imene Boma limapereka kwa munthu amene watulukira chinthu chatsopano, kapena njira yatsopano yopangira chinthu. Ndi pangano la mbali ziwiri. Wotulukirayo ayenera kulemba chinsinsi chache chonse osabisapo kanthu, kotero kuti mmisiri wina wodziwa nchitoyo atawerenga akhoza kupanga chinthucho. Boma nalo limaletsa munthu wina aliyense kupanga kapena kugulitsa chinthucho popanda chilolezo cha mwini wache. M'maiko ambiri chiletsochi chimakhala zaka 20. M'zaka zimenezo mwini wache akhoza kupanga yekha, kapena kulola kampani kuti izipanga nkumampatsako ndalama pa chiri chonse chimene yagulitsa. Zakazo zikatha luso lija limasanduka la aliyense.

Lamulo lotere ndi lakale. Mzinda wa Venice ku Italy unali nalo kale m'chaka cha 1474. Ubwino wache tiuona tikakumbukira makolo athu amene ankayenga chitsulo m'ng'anjo zadothi. Nzeru yao inali yaikuru, koma inali yobisika, yodziwa banja ndi banja, ndipo pamene akuluakuluwo anamwalira zambiri zinapita nao kumanda. Patenti imamlipira munthu kuti aulule.

Dziwaninso kuti kalatayi siiperekedwa ulere. Pali ndalama zolipira polembetsa, ndi zina zolipira kuti isafe, ndipo kalata ya dziko limodzi ilibe mphamvu m'dziko lina. Wofuna kutetezedwa m'maiko ambiri ayenera kulipira konseko. Sungani mau amenewa, pakuti ndiwo mutu wa nkhani ya batire.

Batire la ku Oxford

Batire la m'tochi likatha timataya. La m'nyale ya dzuwa ndi la m'foni limadzazidwanso kambirimbiri. M'kati mwache muli chitsulo chotchedwa lithium, chopepuka koposa zitsulo zonse, mwakuti chimayandama pa madzi. Batire lotere liri ngati nkhokwe ziwiri zoyandikana. Polidzaza ndi moto wa dzuwa, tizidutswa ta lithium tosaoneka ndi maso timasamuka kuchoka m'nkhokwe yoyamba kunka m'nkhokwe yachiwiri. Mukayatsa nyale timabwerera kumene tinachokera, ndipo pa ulendo wobwererawo mpamene magetsi amatuluka. Chimene chinabvuta akatswiri ndicho kupeza chomangira nkhokwe zimenezi, chinthu chokhala ndi mipata yoti lithium izilowa ndi kutuluka nthawi mazanamazana icho osagumuka.

Bwana Stanley Whittingham, amene anali pa nchito ku kampani ya mafuta ya Exxon ku America, anapanga batire lotere m'zaka za m'ma 1970, koma linali loopsya chifukwa nthawi zina linkagwira moto. Pamenepo nkhani inafika kwa Bwana John Goodenough, wa ku America yemweyo, amene anapita ku Oxford m'chaka cha 1976 kukatsogolera nyumba yofufuzira za mankhwala ndi miyala. Iye anaganiza kuti chitsulo chophatikizana ndi mpweya wa okosijeni chingachite bwino koposa. M'chaka cha 1980 iye ndi anzache, mmodzi wa iwo Bwana Koichi Mizushima wa ku Japan, anaonetsa kuti ufa wopangidwa ndi lithium, cobalt ndi okosijeni umapereka mphamvu ya mavoti 4. Batire la m'tochi limapereka voti imodzi ndi theka basi.

Bwana Goodenough anapempha sukulu yache kuti ilembetse patenti, koma akuluakulu a sukuluyo sanafune kutaya ndalama pa chinthu chimene sanaone phindu lache. Iye anapita ku Harwell, ku malo a Boma la Britain ofufuzira za mphamvu ya atomu, pafupi ndi Oxford pomwepo. A ku Harwell anabvomera kulipira, koma anati otulukirawo asaine kuti umwini wonse aupereka kwa iwo. Anasaina.

Zaka zinapita. Mu 1985 Bwana Akira Yoshino wa ku kampani ya Asahi Kasei ku Japan anapeza chomangira nkhokwe yachiwiri ija, mtundu wina wa makala otsala poyenga mafuta, ndipo batire linaleka kuopsya monga kale. Mu 1991 kampani ya Sony inayamba kugulitsa mabatire amenewa. Ndalama za chilolezo zinanka kwa eni patenti a ku Harwell. Sukulu ya Oxford sinalandire kanthu, ndipo Bwana Goodenough nayenso sanalandire.

Nkwapafupi kuwaseka akuluakulu a ku Oxford lero, koma ife tiganiza kuti sibwino kufulumira. M'chaka cha 1980 panalibe kampani yopanga batire lotere, ndipo foni za m'manja zinali zisanafike kwa anthu. Mapatenti ambiri amafa osabweretsa ngakhale tambala imodzi, ndipo wosunga chuma cha sukulu sangalipirire chiri chonse chimene mphunzitsi wabwera nacho. Chimene chinalakwika, m'kuona kwathu, nchakuti munthu amene anagwira nchito anatsala chimanjamanja chifukwa analibe womuyimira pa nthawi yosaina.

Kuwala kwa ku Nagoya

Tsopano za kanthu kowala kaja. Babu lakale linkawala chifukwa kawaya ka m'kati mwache kankatentha mpaka kuyera, ndipo moto wambiri unkangothera m'kutenthako. LED siitero. Ndi kamwala kopangidwa ndi anthu, kamene kamatulutsa kuwala magetsi akadutsamo, ndipo kamadya moto wochepa kwambiri. Nchifukwa chache batire laling'ono likhoza kuunikira nyumba madzulo onse.

LED yofiira inapezeka kale mu 1962 ku America, ndipo pambuyo pache kunabwera yachikasu ndi yobiriwira. Imene inasowa ndiyo ya buluu, ya maonekedwe a thambo, ndipo popanda imeneyi kuwala koyera kowerengera buku sikukadatheka. Akatswiri ankadziwa kuti mwala wotchedwa gallium nitride ukhoza kupereka buluu. Gallium ndi chitsulo chodabwitsa, chimene chimasungunuka ndi kutentha kwa m'manja mwa munthu, ndipo chimatengedwa poyenga dothi la bauxite, longa lija lipezeka pamwamba pa phiri la Mulanje. Koma mwala wache unakana kupangika bwino. Ayenera kuumeretsa pang'onopang'ono m'ng'anjo yotentha pafupifupi madigiri 1,000, pamwamba pa mwala wina wotchedwa sapphire, ndipo miyala iwiriyi siigwirizana kayalidwe kache. Tayerekezani kuti mukumanga chipupa ndi njerwa zazing'ono pamwamba pa maziko amene anayesedwa pa njerwa zazikuru: mizere iyamba kukhota ndipo chipupa chichita ming'alu. Mwala uja unkatuluka wotuwa ndi wosweka chomwecho. Makampani akuluakulu ambiri anayesa, nagwa ulesi, nasiya.

Bwana Isamu Akasaki sanasiye. Anayamba nchitoyi ali ku kampani ya Matsushita, ndipo mu 1981 anasamukira ku Yunivesite ya Nagoya. Chaka chotsatira kunabwera mnyamata wophunzira, dzina lache Hiroshi Amano. Ndalama zinali zochepa, kotero kuti ophunzirawo anachita kumanga okha makina ao. Amano anayesa koposa ka 1,500, kutentha ng'anjo, kutulutsa mwala, kuuona wosweka, kuyambanso. Mu 1985 anayesa njira ina. Anayamba wayala kamzere kopyapyala kwambiri ka chinthu china, aluminium nitride, ng'anjo isanatenthe kwenikweni, ndipo pamwamba pa kamzereko mpamene anameretsa gallium nitride. Amai amene amazira nyumba adziwa kuti dothi loyamba ndilo limatseka mabowo kuti lachiwiri ligone bwino. Mwala unatuluka wosalala ndi woonekera ngati galasi. Mu 1989 awiriwa anapeza njira yothiramo chitsulo cha magnesium kuti magetsi azidutsa moyenera, ndipo LED yao ya buluu inayaka.

Apa mpamene nkhani iyi isiyana ndi ya ku Oxford. Nzeru za Bwana Akasaki ndi anzache zinalembetsedwa patenti, ndipo kampani ya Toyoda Gosei, mothandizidwa ndi bungwe la Boma la Japan loona za sayansi, inagwira nao nchito kufikira inayamba kugulitsa ma LED a buluu mu 1995. Gawo la ndalama za chilolezo linabwerera ku sukulu, ndipo ndi ndalama zimenezo anamanga nyumba yofufuzira yotchedwa Akasaki Institute, imene inatha mu 2006. Ophunzira ena akuphunziramo.

Panalinso munthu wachitatu, Bwana Shuji Nakamura, amene sanali ku sukulu koma ku kampani ya Nichia. Iye anapanga LED ya buluu yowala kwambiri, imene kampaniyo inalengeza mu 1993, ndipo mu 1996 kampani yomweyo inaika ufa wachikasu pamwamba pa LED ya buluu, kuwala nkutuluka koyera. Ndiko kuwala kumene kuli m'nyale ya mphunzitsi wathu. Patenti inali ya kampani, ndipo Bwana Nakamura anapatsidwa mphatso ya mayeni 20,000 okha. Anasuma ku khoti, ndipo mlandu unatha mu 2005 pamene anagwirizana kuti alandire mayeni 840 miliyoni. Atatuwa, Akasaki, Amano ndi Nakamura, analandira mphoto ya Nobel mu 2014.

Bwana Goodenough ayesanso

Mkuluyu sanakhale pansi nkumadandaula. Mu 1986 anachoka ku Oxford, kumene zaka zopumira pa nchito zinali zitayandikira, napita ku Yunivesite ya Texas ku Austin. Kumeneko anafunafuna chinthu cholowa m'malo mwa cobalt, pakuti cobalt ndi yodula, ndipo yambiri imakumbidwa m'dziko limodzi lokha, ku Congo, kufupi ndi malire a Zambia. Cha m'ma 1996 iye ndi ophunzira ache anapeza kuti ufa wa lithium, chitsulo wamba chonga cha khasu, ndi phosphate, yemwe uja ali m'feteleza, umagwira nchito bwino. Mphamvu yache ndi yocheperako, koma sugwira moto msanga ndipo umapirira kudzazidwa nthawi zikwi. Ulendo uno sukulu inalembetsa patenti, ndipo inapereka chilolezo kwa kampani ya magetsi ya Hydro-Québec ya ku Canada. Panabuka milandu yambiri ndi makampani ena pa za umwini wa lusoli, koma zaka za mapatenti aja zinatha, ndipo mabatire a mtundu umenewu ali m'nyale zambiri za dzuwa ndi m'magalimoto oyendera magetsi.

Bwana Goodenough analandira mphoto ya Nobel mu 2019 pamodzi ndi Whittingham ndi Yoshino. Anali ndi zaka 97, wamkulu koposa onse amene analandirapo mphotoyo. Anamwalira mu 2023 ali ndi zaka 100.

Kwa ogula ndi kwa amisiri

Tibwerere ku bokosi lija. Mau akuti "Patent" angotanthauza kuti china chache m'nyalemo, kapena kapangidwe kache, chiri ndi mwini wache pa lamulo. Satanthauza kuti Boma layesa nyaleyo nkuipeza yolimba ai. Nyale yopanda mau amenewa ikhoza kukhala yabwino, ndipo yokhala nao ikhoza kufa mwezi usanathe. Pogula funsani kuti imayaka maora angati ikadzazidwa tsiku limodzi, ndipo ngati wogulitsa apereka kalata yolonjeza kukonza kapena kusintha ikaonongeka, isungeni pamodzi ndi lisiti.

Aphunzitsi afotokozere ana za zinthu zimenezi, pakuti m'midzi mwathu muli amisiri otulukira mbaula, mapampu ndi makina opukusira chimanga. Malawi, Zambia, Zimbabwe ndi Mozambique ali m'bungwe lotchedwa ARIPO, limene linayamba ndi pangano la ku Lusaka la 1976 ndipo likulu lache liri ku Harare. Kupyolera m'bungweli munthu akhoza kupempha patenti ya maiko angapo a mu Africa ndi pempho limodzi. Koma patenti imaperekedwa pa chinthu chatsopano chokha, chimene sichinaonekepo poyera. Mmisiri akayamba wachionetsa pa chionetsero cha zaulimi, kapena kuchigulitsa pa msika, kapena kuchilemba m'nyuzipepala, pempho lache likhoza kukanidwa ngakhale chiri chache ndithu. Ayambe wafunsa ku ofesi ya Boma yolembetsa mapatenti, ndipo pepala liri lonse lonena za umwini asalisaine asanamve bwino zimene zalembedwamo.