Lamba wa m'fakitale ya fodya aimirenji pamalo amodzimodzi?

CASSACATIZA, Chifunde. Nyengo yogula fodya ikafika, msewu wochokera pachipata cha Cassacatiza kulowera kumzinda wa Tete umadzaza ndi magalimoto onyamula mabelo. Mlimi akalandira ndalama zake amati ntchito yatha. Komatu tsamba lija limakhala litangoyamba ulendo, ndipo kumene likupitako zinthu zimayezedwa ndi mamilimita, osati ndi mapazi.

Kale fodya wambiri wa m'maboma a Chifunde, Macanga ndi Angónia ankawoloka malire kukakonzedwa ku Malawi. Zinthu zinasintha pamene kampani ya Mozambique Leaf Tobacco inamanga fakitale yake ku Tete, imene Pulezidenti Armando Guebuza anaitsegula mu 2006.

M'fakitale zokonza fodya, tsamba limafewetsedwa ndi nthunzi, limapunthidwa kuti lisiyane ndi mtsempha wake wapakati, limaumitsidwanso, kenaka limadindidwa m'makatoni olemera pafupifupi makilogalamu 200. Aliyense amene anadindapo fodya pa jeke amadziwa kuti chiguduli chikakhala mopendekeka, belo limatuluka lokhota. Kufakitale vuto ndi lomwelo, kungoti katoni siiikidwa ndi manja. Imabwera pa lamba.

Malamba alipo a mitundu iwiri. Wina amangoyenda osaima, monga wa pachigayo. Wina amayenda pang'ono, n'kuima, n'kuyendanso, ndipo akaima ndi pamene makina ena amathira, amadinda kapena amatseka. Lamba wotereyu akaimitsa katoni pambali, chodindira chimaluma m'mphepete mwake, katoni imang'ambika, ndipo mzere wonse umaima. M'makina olongedza ndudu, amene amatseka mapaketi mazanamazana pa mphindi imodzi, kuphonya ndi milimita imodzi yokha n'kokwanira kuwononga katundu.

Chimene chimaimitsa lamba pamalo pake m'makina amakono ndi mota yotchedwa servo. Mota wamba ukaiyatsa imangozungulira, osadziwa pamene yafika. Servo ili ndi kachipangizo kotchedwa encoder kumbuyo kwake, kamene kamawerenga kuzungulira kwa motayo. Ma encoder ambiri amagawa kuzungulira kumodzi m'zigawo 131,072, ena kuposa pamenepo. Kompyuta ya makina imayerekeza pamene mota yafika ndi pamene inayenera kufika, ndipo imakonza kusiyanako kambirimbiri pa sekondi iliyonse.

Nanga ngati mota ndi yochenjera chotere, kuphonya kumachokera kuti? Yankho lake n'lakuti encoder imaona mota yokha. Siiona katoni. Pakati pa mota ndi katoni pali magiya, tcheni ndi lamba, ndipo chilichonse mwa izi chimatha kunama.

Choyamba ndi kutha kwa tcheni. Mwini njinga amadziwa kuti tcheni ikakalamba imatalika ndipo imayamba kulumpha mano. Tcheni ya m'fakitale nayo imadyeka m'mfundo zake. Chachiwiri ndi mpata wa pakati pa mano a magiya, umene umachititsa kuti mota isunthe pang'ono lamba asanasunthe. Chachitatu ndi kulemera kwa katundu. Ngolo yodzaza chimanga siima pomwe ng'ombe zaimira, imazikankha. Nchifukwa chake servo imayamba pang'onopang'ono, imathamanga pakati, ndipo imachepetsa liwiro isanafike poimira.

Chachinayi ndi kutentha, nkhani imene anthu a ku Tete safunika kuuzidwa. Chitsulo chotalika mamita 10 chikatenthedwa ndi madigiri 10 owonjezera chimatalika ndi milimita imodzi ndi pang'ono. Makina amene anali bwino m'mamawa angathe kuphonya dzuwa lili paliwombo.

Kuphonya kwakung'ono kumakulanso kukamaunjikana. Lamba akamapitirira ndi gawo limodzi mwa magawo 10 a milimita pa sitepe iliyonse, pakatha masitepe 100 amakhala ataphonya ndi sentimita yathunthu. Pofuna kupewa zimenezi, amisiri amaika kadiso ka magetsi kamene kamaona katoni yeniyeniyo kapena chizindikiro cha pa lamba, n'kuuza kompyuta kuti iyambirenso kuwerenga. Pamene pafunika kulondola kwambiri, amaikanso chikhomo chimene chimalowa m'kabowo ndi kugwira katunduyo nji mpaka ntchito itatha. Magetsi akazima, encoder ya mtundu wokumbukira imadziwabe pamene inasiyira, pomwe ya mtundu wina imafuna kubwerera kaye poyambira.

Amisiri amasiyanitsa zinthu ziwiri. Kuima pamalo amodzimodzi nthawi zonse n'kwina, kuima pamalo oyenera n'kwinanso. Lamba amene amaphonya mofanana tsiku lililonse ndi wosavuta kumukonza, chifukwa amangomusuntha kamodzi. Wovuta ndi amene lero wapitirira, mawa wapelewera. Ameneyo amakhala kuti tcheni yatha, chomangira chamasuka, kapena kadiso kaphimbidwa ndi fumbi.

Apa ndi pamene nkhaniyi imabwerera kuchigafa. Mchenga umene ena amathira m'belo kuti lilemere umasanduka fumbi lodya matcheni ndi kuphimba timaso ta makina. Zingwe za nayiloni, zidutswa za matumba a pulasitiki, nthenga za nkhuku ndi timiyala zimakola m'makina, ndipo zikapezeka m'katoni kunja kwa dziko, ogula angathe kubweza katunduyo. Mzere ukaima kawirikawiri, mabelo amaunjikana, ndipo mbiri ya fodya wa dera lonse imaipa. Zikatero wovutika si wothira mchenga yekha. Fodya wa mnansi wake, amene anasankha tsamba lake mosamala, amayambanso kukayikiridwa pamsika.

Kwa achinyamata a m'malire muno palinso phunziro lina. Ntchito yokonza makina otere imafuna munthu wodziwa magetsi, masamu ndi kuyeza, ndipo maphunziro a umisiri alipo m'chigawo chomwechino, ku Tete ndi ku Moatize. Mwana amene amakonza tcheni ya njinga ya atate ake mpaka itasiya kulumpha wayamba kale kumvetsa chimene amisiri a m'fakitale amalimbana nacho tsiku ndi tsiku.