Chitoliro cha Mwana wa ku Chileka

Amayi a kuno ku Dedza, musanamulande mwana gitala wake wa chigubu ndi kumtuma kukakumba kachewere, tamvani za Donald Kachamba.

Nyimbo za kwela anazimva ali wamng'ono ku Salisbury, kumene makolo ake ankakhala. M'chaka cha 1967 Gerhard Kubik, mzungu wa ku Vienna, anampeza akuliza chitoliro m'misewu ya Blantyre pamodzi ndi mkulu wake Daniel. Patapita zaka, mzunguyo, ndi maphunziro ake onse aja, analowa m'gulu la mnyamatayo namaliza clarinet, Moya Malamusi akugunda babatoni wa chingwe chimodzi. Nyimbo sankaziwerenga papepala ayi: wina akayambitsa, mnzake ankapolokozana naye mwa khutu lake, monga amayi pamtondo. Anayimba chomwecho mpaka ku Ulaya.

Donald anamwalira mu 2001, anzakewo napitiriza gululo.