KAMPANI YOLIPIRA ANTHU KUTI AGULE MAGETSI OCEPA

 Lero tikamba za mwambo wina wa ku America umene munthu poumva koyamba ayesa ncibwana. Kumeneko alipo makampani ogulitsa magetsi amene apatsa munthu ndarama kuti iye azigula magetsi ocepa. Kodi munamuonapo wogulitsa nsomba pa msika alikulipira anthu kuti adye pang'ono? Koma eni makampaniwo sali opusa iai, ndipo mlimi ndiye angamvetse msanga nzeru yao.

Mlimi akaona kuti cimanga cace cikutha masika asanafike, ali nazo njira ziwiri. Akhoza kuswa mphanje, kugwetsa mitengo, kulemba aganyu ndi kugula feteleza. Kapena akhoza kukonza nkhokwe, kuikweza ndi kuimata bwino, kuti makoswe ndi anankafumbwe asamalize cimene anakolola kale. Thumba lopulumuka m'nkhokwe likhutitsa ana cimodzimodzi ndi thumba la m'munda watsopano, koma mtengo wace ngwocepa. Tsono kwa kampani ya magetsi, mphanje ndiyo kumanga siteshoni yatsopano yopangira magetsi, ndipo nkhokwe yodontha ndizo nyumba za anthu.

Muyenera kudziwa kuti kumpoto kwa America kumazizira koposa cisanu ca ku Dedza kapena ca pa Nyika. Madzi aundana miyezi ingapo, ndipo nyumba yosatenthetsedwa ikhoza kupha munthu. Cotero mphamvu yambiri imene banja ligula siyopita ku nyale kapena ku wailesi, koma ku kutenthetsa nyumba ndi madzi. Usiku wozizira kopambana anthu onse afuna magetsi nthawi imodzi, ndipo kampani iyenera kukhala ndi makina okwanira usiku umenewo, cinkana makinawo akhale osagwira nchito masiku ena ambiri a caka. Kumanga kotere ndiko kumadya ndarama.

Anthu a ku Washington ndi Oregon, kumpoto ca kumadzulo kwa dzikolo, anaphunzira izi ndi misozi. Iwo anazolowera magetsi ochipa ocokera ku madamu a mtsinje wa Columbia, monga ife tidalira Shire. M'zaka za m'ma 1970 akuluakulu anaganiza kuti madamuwo sadzakwanira, ndipo bungwe lochedwa Washington Public Power Supply System linayamba kumanga masiteshoni asanu a nyukiliya. Mtengo unakwera caka ndi caka, nchito inacedwa, ndipo kufuna kwa magetsi sikunakule monga anayembekezera. Mwa asanuwo, imodzi yokha ndiyo inatha. Mu 1983 bungwelo linalephera kubweza ngongole ya madola 2.25 biliyoni, ndipo anthu wamba anaona mtengo wa magetsi ulikukwera cifukwa ca zimango zimene sizinayatse nyale ngakhale imodzi.

Bvutoli lisanafike pacimake, mu 1980, nyumba ya malamulo ya America inakhazikitsa lamulo la magetsi a cigawo cimeneco. Lamulolo linati kusunga magetsi kuwerengedwe ngati gwero la magetsi, ndipo kukhale koyamba. Linanenanso kuti ngakhale kusungako kudule pang'ono kuposa kumanga, kufikira gawo limodzi mwa magawo khumi, kusungako ndiko kusankhidwe.

Anayesa nzeruyi pa dera la Hood River ku Oregon, dera la alimi a zipatso. Kuyambira 1983 kampani ya Pacific Power pamodzi ndi bungwe la boma la Bonneville Power Administration anayendera nyumba zotenthetsedwa ndi magetsi, naika zochinga kuzizira m'denga, m'makoma ndi pansi, natseka ming'alu, naonjezera magalasi m'mazenera. Eni nyumba ambiri sanalipire kanthu. Nyumba pafupifupi 3,000 zinakonzedwa mwa nyumba ngati 3,500 zoyenera. Inu mafumu mudzafuna kumva cifukwa cace anthu ambiri cotere anabvomera. Sikunali kulengeza kokha. Anthu a m'deralo anali ndi komiti yao yolangiza, ndipo mbiri inayenda kucokera kwa mnansi kunka kwa mnansi, monga mbeu yatsopano ifalikira m'mudzi pamene anthu aiona m'munda wa mnzao.

Koma magetsi osungidwa anacepera, osafika theka la cimene akatswiri anawerengera. Cifukwa cina ncakuti anthu anali atacepetsa kale magetsi poona kukwera kwa mtengo, ndipo ambiri anali kuotha nkhuni. Kucokera apo makampani anadziwa kuti sikokwanira kuwerengera pa pepala. Ayenera kubwerera ku mita ndi kuona ceniceni.

Anaonanso kuti kukonza nyumba yakale nkobvuta ndi kodula kuposa kuimanga bwino poyamba. Khoma likatsekedwa, kuikamo zochinga ndi nchito yophwasula. Motero mu 1984 Bonneville inayamba dongosolo la nyumba zatsopano lochedwa Super Good Cents. Mmisiri womanga nyumba ya makoma ochingidwa bwino, ya mazenera osalowa mphepo, anali kulandira ndarama, ndipo nyumbayo inali kupimidwa ndi kupatsidwa cizindikiro cothandiza poigulitsa. Amisiri atazolowera, Washington ndi Oregon anaika mamangidwe otere m'malamulo ao kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Apa ndipo pali phindu lalikulu la mphatso zotere, m'kuganiza kwanga: mphatso ikopa oyamba, amisiri aphunzira, ndipo pambuyo pace cinthuco cikhala mwambo wa onse popanda kulipiranso.

Tsopano za makina amene makampani alimbikitsa koposa masiku ano, amene pa Cingelezi awacha heat pump, ndiko kunena pampu ya kutentha. Ambiri a inu munaonapo firiji ku sitolo kapena ku cipatala. Mukagwira kumbuyo kwace mumva kutentha. Kutenthako sikunabadwe pamenepo. Firiji yakucotsa m'zakudya za m'kati ndi kukutaya kunja. Pampu ya kutentha ndiyo firiji yotembenuzidwa. Mkati mwa mapaipi ace muyenda mankhwala amene awira ngakhale pozizira kwambiri. Kunja kwa nyumba mankhwalawo asanduka mpweya natenga kutentha kwa mumlengalenga, pakuti ngakhale mphepo ya cisanu ili nako kutentha pang'ono. Makina afinya mpweyawo, ndipo ukafinyidwa utentha, monga pampu ya njinga itentha m'manja mukapopa thayala. Mkati mwa nyumba mpweyawo usiya kutentha kwace, nusandukanso madzi, nubwerera kunja. Nthawi ya dzinja lao la dzuwa makinawo atembenuka, naziziritsa nyumba.

Mbaula ya magetsi ya waya wofiira ipatsa muyeso umodzi wa kutentha pa muyeso umodzi wa magetsi. Pampu ipatsa miyeso itatu, nthawi zina inai, cifukwa nchito yace ndi kunyamula, osati kupanga. Nzeruyi siyatsopano. Lord Kelvin anaifotokoza mu 1852, ndipo mu 1938 nyumba ya khonsolo ya mzinda wa Zurich inayamba kutenthetsedwa ndi kutentha kotengedwa m'mtsinje wa Limmat. Cobvuta ndi mtengo wogulira ndi woikira, umene ufika madola zikwi zingapo. Banja likhoza kudziwa kuti lidzapindula m'zaka zikudzazo, koma ndarama ya lero palibe. Mphatso ya kampani ndiyo yocepetsa phiri limeneli.

Ku Maine, kumene nyumba zambiri zitenthetsedwa ndi mafuta, boma la cigawoco linalinga mu 2019 kuti mapampu 100,000 aikidwe pofika 2025. Mphatso zinaperekedwa kudzera m'bungwe la Efficiency Maine, ndipo ciwerengeroco cinakwana mu 2023. Boma lalikulu la America nalonso linali kukhululukira msonkho kufikira madola 2,000 kwa woika pampu kuyambira 2023, koma cithandizo cimeneco cinatha pa mapeto a 2025. Cimene boma lina lipatsa, lina likhoza kucotsa.

Nanga ndarama za mphatso zicokera kuti? Sizigwa kumwamba. Kawirikawiri pa bilu ya munthu aliyense aonjezapo kandarama pang'ono, ndipo zonse zisonkhana m'thumba limodzi. Ku Vermont anacita cotero kuyambira caka ca 2000, pamene anakhazikitsa Efficiency Vermont, bungwe losagulitsa magetsi konse koma longothandiza kuwasunga. Pamenepa pali mlandu umene mfumu iliyonse idzauzindikira. Onse asonkha, koma wolandira ndi iye amene ali ndi nyumba yaceyace ndi ndarama zoonjezera pa mphatsoyo. Wokhala m'nyumba ya lendi alipira bilu, koma sangaboole khoma la mwini, ndipo mwiniyo alibe cangu pakuti bilu siyace. Cifukwa ca ici madera ambiri apatsa osauka mphatso yokulirapo, ena awakonzera nyumba kwaulere, koma mlanduwo sunathe.

Kuno kwathu sitisowa makina otenthetsa nyumba, koma nzeru ya nkhokwe ija inafikako. Ca m'ma 2012 ESCOM inagawira mabanja mababu osadya magetsi ambiri, nitenga akale, kuti katundu apepuke madzulo pamene onse ayatsa nyale nthawi imodzi. Abale athu a ku Joni anaonanso Eskom ya ku South Africa ilikugawa mababu otere, ndipo kuyambira 2008 inali kubweza gawo la mtengo kwa munthu woika thanki yotenthetsa madzi ndi dzuwa pa denga lace.