Darryl Strawberry: chifukwa chake luso ndi ndalama sizimasula munthu ku mowa ndi amkolabongo

Ambiri a ife kuno ku Avondale, ku Chelstone ndi ku Kabwata tili ndi wina m'banja kapena pa neba amene wagwidwa ndi mowa kapena amkolabongo. Funso limene timafunsana kawirikawiri ndi lakuti: "Mwana wanzeru chonchi, bwanji osangoleka?" Ena amati vuto ndi ulova, ena amati ndi umphawi. Zimenezi zimakolezera ndithu, koma si zokhazo. Lero tione moyo wa munthu amene sanali lova kapena mmphawi, Darryl Strawberry, katswiri wa masewera a baseball ku America.

Baseball si yofala kwathu kuno, choncho tifotokoze pang'ono. Timu iliyonse imalowetsa osewera 9. Wina amaponya kampira kolimba, wa timu inayo amakamenya ndi chibonga chamtengo n'kuthamanga kuzungulira malo anayi oikika pabwalo. Akakamenya mwamphamvu mpaka kudumpha mpanda, amati wamenya home run, ndipo anthu amadzaza mabwalo kudzaonerera zimenezi. Mu ligi yaikulu ya Major League Baseball timu iliyonse imasewera magemu 162 pa chaka, pafupifupi tsiku ndi tsiku kwa miyezi 6, ndipo theka la magemuwo ndi akoyenda, osewera akugona m'mahotela kutali ndi mabanja awo.

Kukwera kwake

Strawberry anabadwa mu 1962 mumzinda wa Los Angeles. Iye mwini amasimba kuti bambo ake anali chidakwa, ankamenya ana ndi kuwauza kuti sadzapindula kanthu, mpaka anachoka pakhomo iye akali mnyamata. Mu 1980, ali ndi zaka 18, timu ya New York Mets inamusankha woyamba pa achinyamata onse a chaka chimenecho. Mu 1983 analowa mu ligi yaikulu n'kulandira mphoto ya wosewera watsopano wopambana. Kuyambira 1984 mpaka 1991 ankasankhidwa chaka ndi chaka kukasewera gemu ya akatswiri okhaokha, ndipo mu 1986 anatenga chikho cha World Series ndi Mets. Kumapeto kwa 1990 anasaina ndi Los Angeles Dodgers pangano la zaka zisanu la ndalama zoposa madola 20 miliyoni.

Manambala awiri akutiuza zimene zinatsatira. Pofika kumapeto kwa 1991, ali ndi zaka 29, anali atamenya ma home run 280. Pa zaka 8 zotsala za ntchito yake anangowonjezerapo 55. Kuvulala msana ndi matenda zinamubweza m'mbuyo, koma mowa ndi cocaine zinamudyera zambiri.

Kugwa kwake

Vutoli silinayambe ndalama zitatha. Linkakula pa nthawi yomwe anthu ankamuwombera m'manja. Mu 1990 anagonekedwa kumalo othandizira zidakwa ku New York. Mu 1994 sanafike ku gemu, kenaka anavomera kuti ali ndi vuto la amkolabongo, napita ku Betty Ford Center, ndipo Dodgers inamuchotsa. Mu 1995 anamupeza ndi cocaine m'thupi, anamuimitsa kusewera, ndipo chaka chomwecho anavomera mlandu wozemba msonkho. Timu ya New York Yankees inamupatsa mwayi wina, ndipo anali nawo pamene inatenga zikho mu 1996, 1998 ndi 1999. Mu Okutobala 1998 anamupeza ndi khansa ya m'matumbo. Mu 1999 anamangidwa ku Tampa atapezeka ndi cocaine. Mu 2000 anapezekanso nayo m'thupi, anamuimitsa chaka chathunthu, ndipo masewera ake anathera pomwepo. Ataphwanya mobwerezabwereza malamulo amene khoti linamuikira, mu 2002 analowa m'ndende ku Florida, nakhalamo miyezi 11.

Pali chinthu chimodzi chimene ife a mpingo sitiyenera kuchilumpha. Mu 1991, zambiri mwa izi zisanachitike, Strawberry analengeza poyera kuti watembenuka mtima. Kugwa kwake kwakukulu kunadza pambuyo pa umboni umenewo.

N'chifukwa chiyani sankangoleka?

Madokotala amafotokoza kuti mowa ndi amkolabongo zimakhudza mbali ya ubongo imene imatipatsa chisangalalo tikadya, tikapuma kapena tikacheza ndi okondedwa. Zimatsanulira chisangalalo chimenechi mopitirira muyeso, ndipo ubongo umazolowera. Botolo limodzi limene linkakwanira dzana silikwaniranso, pamafunika atatu. M'kupita kwa nthawi munthu samweranso kuti asangalale. Amamwa kuti manja aleke kunjenjemera, kuti apeze tulo, kuti nkhawa itsike. Nayonso mbali ya ubongo imene imatithandiza kudziletsa imafooka. Ndiye chifukwa chake munthu angalumbire m'mawa, misozi ili mbwembwembwe, madzulo n'kupezeka kumowa komweko. Bungwe la World Health Organization limawerengera vutoli m'gulu la matenda.

Kunena kuti ndi matenda si kuchotsa mlandu. Munthu amayankhabe pa zimene wachita, ndipo mkazi womenyedwa kapena ana ogona ndi njala sayenera kuuzidwa kuti angopirira. Koma kudziwa zimenezi kumatithandiza kuleka mankhwala olakwika. Kukalipira kokha sikuchiza, monga sikuchiza shuga kapena BP.

Moyo wa Strawberry ukuonetsanso zinthu zitatu zimene zimakoleza moto. Choyamba ndi bala la paubwana: mwana wokulira pakhomo pa nkhanza ndi mowa ali pangozi yaikulu, makamaka akayamba kumwa akali wamng'ono. Chachiwiri ndi ndalama zofika msanga popanda womulangiza. Chachitatu ndi anthu omuphimba. Malinga ngati ankamenya mpira bwino, panali timu ina yomulandira. Kodi ife sitichita chimodzimodzi? Mayi amalipira nkhongole ya kushabini mwakachetechete kuti a neba asamve. Mkazi amaimba foni kuntchito kuti bambo adwala malungo, pomwe ndi matsire. Timachita izi mwachikondi, koma timachedwetsa tsiku limene munthuyo angaone dzenje limene alimo.

Kudzuka kwake

Atatuluka m'ndende mu 2003 anali ndi nkhongole zambiri ndipo sanaleke nthawi yomweyo. Pa msonkhano wa anthu amene akuyesetsa kusiya amkolabongo anakumana ndi Tracy, mayi amene nayenso anali atadutsa m'njira yomweyo, ndipo anakwatirana mu 2006. Anasamuka n'kukakhala ku Missouri, kutali ndi anzake akale, anakhala zaka akuphunzira mawu a Mulungu pansi pa ena, ndipo pambuyo pake onse awiri anadzozedwa kukhala alaliki. Lero amalalikira m'mipingo ndi m'ndende. Mu 2024 timu ya Mets inamulemekeza polengeza kuti nambala yake, 18, sidzavalidwanso ndi wosewera wina.

Kusiyana kwa 1991 ndi zaka zotsatira 2003 n'koonekeratu. Poyamba panali umboni wa tsiku limodzi, kenaka anabwerera ku moyo womwe uja, anzake omwe aja ndi ndalama zomwe zija. Kachiwiri panali kusintha malo, anthu omufunsa tsiku ndi tsiku, thandizo la odziwa za matendawa, ndi nthawi yaitali. Pemphero linalipo konse kuwiri. Chimene chinawonjezeka ndi anthu oyenda naye.

Nanga kwathu kuno?

Cocaine ndi yodula, koma achinyamata athu ali ndi zawo zotsika mtengo: kachasu, chamba, mankhwala a chifuwa okhala ndi codeine, ndi timabotolo ta mowa waukali. Boma linaletsa tujilijili mu 2012, koma ludzu silinathe ndi lamulo. Tsono tichitenji?

Tiyambe ndi kulankhula msanga. Mwana akayamba kusowetsa zinthu m'nyumba, kugona usana, kusintha anzake ndi kutsika kusukulu, tisadikire kuti apolisi ndiwo atiuze. Tilankhule naye ali bwinobwino, osati ataledzera, ndipo timuuze zimene taona popanda kumutukwana.

Tipite naye kwa odziwa. Chipatala cha Chainama Hills, pa msewu wa Great East pafupi ndi ife, chimathandiza anthu a mavuto amenewa, ndipo kupitako si chizindikiro cha misala. Bungwe la Drug Enforcement Commission silimanga kokha, lilinso ndi alangizi. Chenjezo lofunika: munthu amene wamwa kwambiri tsiku ndi tsiku kwa nthawi yaitali asasiye mwadzidzidzi payekha, ndipo tisamutsekere m'chipinda kapena kumuika pa kusala kudya. Thupi lingayambe kunjenjemera, kukomoka ngati wakhunyu, mpaka imfa. Masiku oyamba osiyira mowa amafuna dokotala.

Tileke kuphimba, koma tisataye munthu. Tingamupatse chakudya m'malo mwa ndalama. Tingakane kunama m'malo mwake, koma khomo likhale lotsegula. Pomwe pali nkhanza, chitetezo cha mayi ndi ana chikhale patsogolo.

Pomaliza, tikonzekere kuti angagwenso. Strawberry anagwa kambirimbiri kwa zaka zoposa 10. Mbale akabwerera ku mowa patatha miyezi itatu ataperekera umboni, manyazi amamuthawitsa kutchalitchi, ndipo ife timayamba kunong'onezana kuti sanatembenuke zenizeni. Imeneyo ndiyo sabata yomuyendera. Akulu ampingo, a chigwirizano cha amayi, abambo ndi atsogoleri a achinyamata, aliyense asankhe munthu mmodzi woti azimuimbira foni ndi kumuperekeza kuchipatala. Tisaiwalenso mkazi, mwamuna kapena kholo limene likusenza katunduyu kunyumba, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Ngati nkhaniyi ikukhudza nyumba yanu, kapena inu nomwe, onanani ndi abusa kapena mkulu wampingo wa dera lanu sabata ino. Zimene mudzanene zidzasungidwa mwachinsinsi.