Chiyankhulo ndi Kukwezedwa pa Ntchito M'mabungwe a Inshuwaransi ya Zaumoyo

M'nkhani ino ndikufuna kuunika mmene chiyankhulo chimakhudzira kukwezedwa kwa munthu pa ntchito m'mabungwe a inshuwaransi ya zaumoyo, monga MASM. Ngakhale Chichewa chidasankhidwa kukhala chiyankhulo cha fuko mu 1968, Chingerezi chidakhalabe chiyankhulo cha m'maofesi. Choncho malamulo a inshuwaransi, mafomu ndi malipoti zimalembedwa m'Chingerezi.

Koma membala amene wabwera kudzafunsa chifukwa chimene bilu yake ya kuchipatala sinalipiridwe yonse amafuna kumva yankho m'chiyankhulo chake. Kalaliki wa pakauntala ndiye amamasulira kuti sikimu iliyonse ili ndi malire a ndalama, ndiponso kuti membala watsopano amayamba wadikira miyezi ingapo asanathandizidwe pa matenda ena. Kalalikiyo akaphonya liwu limodzi, wodwala akhoza kubwerera kunyumba wopanda mankhwala.

Komabe m'maofesi ambiri, pofuna kukweza munthu, chimene chimayesedwa ndi Chingerezi chake. Ine ndikuona kuti bwana wanzeru ayenera kuwerengera luso lomasulirali pokweza anthu. Ayeneranso kumafunsa akalaliki mawu amene amasokoneza mamembala, pakuti iwowo ndiwo amakumana ndi madandaulowo tsiku ndi tsiku.